CHUKU, CHIWINDI NDI KHANSA: MAWU KWA ALANGIZI OGWIRA NTCHITO M'MALOKESHONI A HARARE



Nkhani ya khansa ya m'chiwindi imaoneka ngati ya madokotala okha, ndipo mlangizi wa zaulimi angathe kufunsa kuti ikumukhudza bwanji. Yankho lake ndi lakuti mbali imodzi ya matendawa imayambira m'munda, pa thandala loumitsira mbewu ndi m'thumba losungiramo chakudya. Dokotala amakumana ndi wodwala matenda atakula kale, pamene mlangizi amakumana ndi mtedza ndi chimanga zaka makumi awiri munthuyo asanadwale. Choncho ndifotokoza zinthu zitatu: momwe poizoni wa chuku amalowera m'chakudya, zomwe amachita akafika m'maselo a chiwindi, ndi zomwe ife tiyenera kuphunzitsa.

KUMENE TIKUGWIRAKO NTCHITO

M'malokeshoni a Mbare, Highfield, Mufakose, Rugare, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Tafara muli mabanja ambiri omwe makolo awo anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito ku njanji, m'mafakitale, ku khonsolo ya mzinda ndi m'nyumba za azungu. Chichewa chimalankhulidwabe m'nyumba zambiri, ndipo malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a chaka cha 2013 anachiika m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Ambiri mwa mabanjawa alibe mudzi m'dziko muno wokatengako chakudya. Amadalira kamunda ka m'mbali mwa msewu kapena m'dambo, chigayo cha pafupi, ndi msika wa Mbare Musika kumene kumafikira mtedza ndi chimanga zochokera ku Murehwa, Mutoko, Gokwe ndi madera ena.

Chiponde, chomwe anzathu a Chishona amachitcha dovi, chimadyedwa tsiku ndi tsiku. Chimathiridwa m'phala la mwana, m'ndiwo zamasamba ndi m'mpunga. Ndi chakudya chomanga thupi, ndipo sitikufuna kuti munthu aliyense achisiye. Tikufuna kuti chikhale chopanda poizoni. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2014 anayeza mtedza ndi chiponde zogulidwa m'misika ndi m'masitolo a ku Bulawayo, ndipo anapeza poizoniyu m'mabotolo 10 mwa mabotolo 11 a chiponde omwe anayezedwa. Mabotolowo anali ochepa, koma akutiuza kuti vutoli lili pakhomo pathu.

CHUKU NDI POIZONI WAKE

Chuku ndi nkhungu yomera pa mbewu. Mitundu iwiri yomwe ikutikhudza ndi Aspergillus flavus ndi Aspergillus parasiticus. Imakhala m'nthaka, ndipo imakonda malo otentha ndi achinyezi, makamaka kutentha kukakhala pakati pa madigiri 25 ndi 35. Ikamakula imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu ali m'mitundu inayi ikuluikulu, B1, B2, G1 ndi G2, ndipo woopsa kwambiri ndi B1. Ng'ombe kapena mayi woyamwitsa akadya B1, gawo lina limatuluka mu mkaka litasanduka mtundu wotchedwa M1.

Dziko linamudziwa poizoniyu mu 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 1987 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linamuika m'gulu loyamba, la zinthu zomwe umboni wake ndi wokwanira kuti zimayambitsa khansa mwa anthu.

Pali zinthu zitatu zofunika kukumbukira. Choyamba, aflatoxin alibe fungo, mtundu kapena kakomedwe koti munthu n'kumuzindikira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chachiwiri, moto wa pa mafuwa sumuthetsa. Nsima ndi phala zimapsa pa madigiri 100, pamene poizoniyu amaonongeka kutentha kukapitirira madigiri 230. Kukazinga mtedza kumamuchepetsa, koma sikumuthetsa. Chachitatu, muyeso woopsa ndi wochepa zedi. Mayiko a European Union salola mtedza wodya anthu wopitirira magawo 4 pa biliyoni, kutanthauza magalamu 4 m'matani 1,000. Bungwe la Codex limalola magawo 15 pa mtedza woti ukakonzedwenso, ndipo dziko la United States limalola magawo 20.

Munthu akadya poizoni wambiri nthawi imodzi, chiwindi chimalephera ntchito m'masiku ochepa. Izi zinachitika kum'mawa kwa Kenya mu 2004, pamene anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chovunda. Mu Ogasiti 2024 boma la Zambia linalengeza kuti lapeza poizoniyu mu ufa wa m'zigayo zina, agalu ambirimbiri atafa. Koma chomwe chimapha anthu ochuluka ndi poizoni wochepa wodyedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

ZOMWE ZIMACHITIKA M'CHIWINDI

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Magazi ochokera m'matumbo amadzera m'menemo asanapite kwina kulikonse, ndipo ntchito yake ina ndi kusungunula zinthu zoipa kuti zituluke m'thupi. Pa ntchitoyi chimagwiritsa ntchito ma enzyme, omwe ndi timapuloteni tosintha mankhwala. Tsoka lake ndi lakuti ma enzyme awiri, CYP1A2 ndi CYP3A4, akagwira aflatoxin B1 amamusandutsa chinthu china choopsa koposa, chotchedwa epoxide. Thupi lili ndi njira yomangira epoxide ameneyu ku mankhwala otchedwa glutathione kuti atayidwe, koma njirayi mwa munthu ndi yofooka, ndipo wina amapulumuka.

M'kati mwa selo iliyonse muli DNA, yomwe tingaiyerekeze ndi buku la malangizo lolembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Zilembozi zimawerengedwa zitatuzitatu, ndipo gulu lililonse la zitatu limatchula njerwa imodzi yomangira puloteni. Epoxide uja amakamatirira pa chilembo G. Selo ikamakopera buku lake pokonzekera kugawikana, imalephera kuwerenga bwino pamalo pomatidwapo, ndipo kawirikawiri imalemba T pamene panali G. Cholakwacho chikalembedwa, maselo onse obadwa kuchokera ku selo imeneyo amachitengera.

MLONDA WOTCHEDWA P53

Zolakwa zambiri zimagwera pamalo opanda ntchito yaikulu. Koma pali jini imodzi, TP53, yomwe imapanga puloteni yotchedwa p53. Puloteni imeneyi ndi mlonda wa selo. DNA ikaonongeka, p53 amaimitsa kugawikana kufikira pokonza patakonzedwa. Kuonongeka kukakhala kwakukulu, amalamula seloyo kuti idziphe yokha, monga momwe mlimi amazulira phesi lodwala kuti apulumutse munda.

Mu 1991 magulu awiri a ofufuza anafalitsa zotsatira zawo m'magazini ya Nature. Gulu lina linayeza zotupa za odwala a ku Qidong m'dziko la China, ndipo lina, momwe munali Professor Michael Kew wa ku Johannesburg, linayeza zotupa za odwala a kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo a ku Mozambique. Onse anapeza cholakwa pamalo amodzimodzi, pa gulu la nambala 249 la jini ya TP53. Pamene panayenera kukhala AGG panali AGT. Chilembo chimodzi chokhacho chimasintha njerwa yotchedwa arginine kukhala serine, ndipo mlonda uja amalephera kugwira DNA. Ku Qidong, zotupa 8 mwa 16 zinali ndi cholakwachi. Kum'mwera kwa Mozambique chimapezeka pa theka la odwala, pamene ku Ulaya ndi ku United States, kumene chakudya chimayezedwa, sichipezekapezeka. N'chifukwa chake asayansi amachitenga ngati chidindo cha aflatoxin: poona chotupa angathe kudziwa kuti mwini wake ankadya chakudya chotani.

MNZAKE WA CHUKU: HEPATITIS B

Chuku sichigwira ntchito chokha. Kachilombo ka Hepatitis B, komwe kamatupitsa chiwindi, ndi kamene kamayambitsa khansa ya m'chiwindi koposa zonse m'chigawo chathu. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni pa dziko lonse anali nako. Kuno ku Africa ambiri amakatenga pobadwa kapena ali ana aang'ono, ndipo amakhala nako moyo wonse osadziwa.

Kachilomboka kamathandiza khansa m'njira zitatu. Asilikali a m'thupi akamalimbana nako amapha maselo a chiwindi, ndipo otsalawo amakakamizika kugawikana kawirikawiri kuti atseke mipata. Kukopera kukachuluka, zolakwa zomwe aflatoxin wayambitsa zimakhazikika msanga. Kachiwiri, kachilomboka kamalowetsa zidutswa za DNA yake m'buku la selo, nthawi zina pafupi ndi majini olamulira kukula. Kachitatu, kamapanga puloteni yotchedwa HBx, yomwe imasokoneza p53 ndi kufooketsa ntchito yokonza DNA.

Kukula kwa mgwirizanowu kunaoneka pa kafukufuku wa ku Shanghai, amene anatsata amuna 18,244 kuyambira mu 1986. Amene anapezeka ndi zizindikiro za aflatoxin mu mkodzo anali pa chiopsezo choposa katatu poyerekeza ndi opanda chilichonse. Amene anali ndi Hepatitis B yekha, choposa kasanu ndi kawiri. Amene anali ndi zonse ziwiri, chiopsezo chinakwera pafupifupi ka 60. Ziwirizi zikakumana sizingophatikizana, zimachulukitsana. Tanthauzo lake kwa ife ndi lolimbikitsa: tikachotsa chuku m'mbale ya munthu amene ali kale ndi kachilomboka, tachotsa gawo lalikulu la chiopsezo chake.

Mowa wambiri, makamaka kachasu ndi mowa wina waukali, Hepatitis C, kunenepa kopitirira ndi matenda a shuga zimaonjezeranso moto pa chiwindi chomwechi.

MOMWE UTHENGA UMASOKONEKERA M'SELO

Selo imodzi yolakwika siinakhale khansa. Kuti chotupa chikule pamafunika kuti njira zingapo za uthenga zisokonekere. Inu alangizi mukudziwa momwe uthenga umayendera pa ntchito yathu: umachoka ku malo a kafukufuku, n'kufika ku likulu, n'kupita ku boma, n'kufika kwa mlangizi, potsiriza kwa mlimi. Selonso ili ndi amithenga otere. Uthenga wochokera kunja umalandiridwa pa khoma la selo, puloteni ina n'kupatsira inzake, kufikira utafika ku DNA ndi lamulo lakuti "gawikana" kapena "ima". Khansa imakula pamene mthenga wina wapakati ayamba kulengeza yekha kuti "bzalani, bzalani" mvula isanagwe, ndipo palibe womuletsa.

Gawo loyamba ndi kutupa kosatha ndi zipsera. Chiwindi chikamavulazidwa chaka ndi chaka, maselo ake ena amadzutsidwa ndi uthenga wa TGF-beta n'kuyamba kuluka ulusi wolimba. Chiwindi chofewa chija chimauma n'kukhala ndi timibulu, ndipo madokotala amati cirrhosis. M'malo otupawo muli uthenga wina, wa IL-6 wodzera pa STAT3 ndi wa NF-kappaB, umene umauza maselo ovulala kuti asafe koma apitirire kuchulukana. Odwala ambiri amadzera m'gawo limeneli, ngakhale kuti Hepatitis B ndi aflatoxin zimatha kubala khansa cirrhosis isanafike.

Gawo lachiwiri ndi kukana kukalamba. Kumapeto kwa ulusi uliwonse wa DNA kuli mfundo yoteteza, yotchedwa telomere, yomwe imafupika nthawi iliyonse selo ikagawikana. Ikatha, selo imaleka kugawikana. Jini yotchedwa TERT imatha kutalikitsanso mfundoyi, koma m'maselo a chiwindi cha munthu wamkulu imakhala yotseka. Pa zotupa zambiri za m'chiwindi jiniyi imatsekuka, mwina chifukwa cha cholakwa cha chilembo, mwina chifukwa DNA ya Hepatitis B yalowa pafupi nayo. Uku ndiko kusintha kopezeka kawirikawiri koposa, ndipo kumachitika koyambirira.

Gawo lachitatu ndi lamulo lokula losazimitsika. Njira yotchedwa Wnt imagwiritsa ntchito mthenga wotchedwa beta-catenin. Selo yabwino imamuphwanya mthengayu akangomaliza ntchito. Pa zotupa pafupifupi zitatu mwa khumi zilizonse, jini yake imasintha kotero kuti saphwanyikanso. Amaunjikana, n'kulowa kumene kuli DNA, n'kutsekula majini a kukula monga MYC. Njira zina ziwiri, ya RAS, RAF, MEK ndi ERK, komanso ya PI3K, AKT ndi mTOR, zimanyamula uthenga wofanana: gawikana, sonkhanitsa chakudya, usafe.

Gawo lachinayi ndi kuba magazi. Chotupa chikakula kupitirira mamilimita awiri, maselo a m'kati mwake amasowa mpweya. Pamenepo amatulutsa uthenga wotchedwa VEGF, umene umaitana mitsempha yatsopano, monga munthu wokumba ngalande yake usiku kuti apatutse madzi a m'dimba la anzake. Khansa ya m'chiwindi ndi imodzi mwa khansa zokhala ndi mitsempha yambiri.

Gawo lachisanu ndi kubisala ndi kufalikira. Maselo a khansa amavala chizindikiro chotchedwa PD-L1, chomwe chimagonetsa asilikali a m'thupi. Ena amamasuka kwa anzawo, n'kulowa mu mtsempha waukulu wa chiwindi, n'kukamera kwina m'chiwindi momwemo, m'mapapo kapena m'mafupa. Apa khansa yafanana ndi kaufiti amene wamwaza kale njere zake.

Ulendo wonsewu umatenga zaka 20 kapena 30, ndipo nthawi yambiri munthu samva kupweteka.

CHIFUKWA CHAKE CHIPATALA CHOKHA SICHINGAKWANITSE

Mu 2020 anthu oposa 900,000 pa dziko lonse anapezeka ndi khansa ya m'chiwindi, ndipo oposa 800,000 anamwalira nayo. Kafukufuku wa mu 2010 anawerengera kuti aflatoxin ali ndi gawo pa odwala apakati pa 5 ndi 28 mwa 100 alionse, ambiri a iwo a ku Africa ndi ku Asia. Ku Zimbabwe, kaundula wa khansa amene anakhazikitsidwa ku Harare mu 1985, ngakhalenso wakale wa ku Bulawayo, anasonyeza kuti khansa ya m'chiwindi ndi imodzi mwa khansa zopha amuna ambiri.

Kafukufuku wa m'zipatala za mayiko angapo a mu Africa, wofalitsidwa mu 2017, anapeza kuti kunja kwa Egypt theka la odwala anali a zaka zosapitirira 46, ndipo theka linamwalira pasanathe miyezi itatu chipezekere matendawa. Amenewa ndi makolo a ana a sukulu, anthu amene banja likuwadalira.

Kudziwa njira za uthenga zija kwabala mankhwala. Sorafenib, wovomerezedwa mu 2007, amatseka RAF ndi njira ya VEGF. Pa kafukufuku wake anatalikitsa moyo kuchoka pa miyezi pafupifupi 8 kufika pafupifupi 11. Mu 2020 kunavomerezedwa kuphatikiza atezolizumab, wotseka PD-L1, ndi bevacizumab, wotseka VEGF, ndipo zotsatira zake n'zabwinopo. Koma mankhwalawa ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo sachiritsa. Kudula chotupa kumachiritsa pokhapokha chapezeka chili chaching'ono. Madzi akatayika saoleka.

UMBONI WOTI NTCHITO YA MLANGIZI IMATHANDIZA

Ku Qidong komwe kuja, anthu ankadalira chimanga chochita chuku. Malamulo a zaulimi atasintha m'zaka za m'ma 1980, anayamba kudya mpunga. Poizoni m'magazi mwawo anatsika kwambiri, ndipo imfa za khansa ya m'chiwindi zinatsika ndi pafupifupi 45 pa 100 zilizonse, pakati pa anthu amene sanalandirepo katemera wa Hepatitis B.

Ku Guinea, kafukufuku wofalitsidwa mu 2005 anachitika m'midzi 20. Midzi khumi inaphunzitsidwa kusankha mtedza ndi manja, kuumitsa pa mphasa, kuonetsetsa kuti wauma, kusunga m'ziguduli, kusanja matumba pa mitengo ndi kuteteza ku tizilombo. Patapita miyezi isanu, poizoni m'magazi a anthu a m'midzi imeneyi anali wosafika theka la wa m'midzi inayo. Panalibe makina kapena mankhwala odula. Panali mlangizi ndi alimi omvera.

ZOYENERA KUPHUNZITSA

M'munda. Chuku chimalowa mu mtedza mbewu ikafooka ndi chilala m'masabata omaliza isanakhwime, nthaka ikatentha ndi kung'ambika. Chaka cha ng'amba, monga cha 1992 ndi cha 2024 pamene mayiko a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe analengeza za ngozi ya chilala, ndi chaka chochenjera kawiri. Limbikitsani kubzala ndi mvula yoyamba, kusankha mbewu zocha msanga, kupanga ngonyeka, kuphimbira nthaka ndi kuthira manyowa kuti chinyezi chisungike. Gypsum wothiridwa mtedza ukayamba maluwa amalimbitsa makoko. Chiswe ndi mbozi, kuphatikizapo fall armyworm yomwe inafika kuno mu 2016, zimaboola njira yolowera nkhungu. Ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique kuli Aflasafe, wopangidwa ndi bungwe la IITA kuchokera ku mitundu ya Aspergillus flavus yosatulutsa poizoni. Amamwazidwa makilogalamu 10 pa hekitala masabata awiri kapena atatu mbewu isanachite maluwa, kuti nkhungu yabwino ilande malo a yoipa.

Pokolola. Kumbani mtedza ukangokhwima, pamene m'kati mwa makoko ambiri mwada. Kuchedwa kumapatsa chuku nthawi. Samalani kuti khasu lisatheme makoko. Mtedza wotsalira m'nthaka umene ana amatola pambuyo usasakanizidwe ndi wabwino. Chimanga chogwa pansi chiikidwe padera.

Poumitsa. Mbewu isayanikidwe pa dothi. Gwiritsani ntchito thandala, mphasa kapena lona, ndipo fundikani mvula ikamabwera. Kwa zaka zingapo alimi ankalimbikitsidwa kuunjika mtedza m'milu yotchedwa Mandela cock. Kafukufuku wa m'minda ya alimi wofalitsidwa mu 2018, wotsogozedwa ndi Limbikani Matumba wa ku LUANAR, anapeza kuti milu imeneyi inali ndi poizoni wambiri kuposa mtedza wotembenuzidwa m'mizere makoko ataloza kumwamba. Mtedza wosenda uume kufika pa chinyezi cha 7 pa 100, chimanga pa 13. Popanda makina oyezera, ikani njere m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, tsekani ndi kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'botolo, mbewuyo siinaume.

Posenda. Mchitidwe wowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe, kapena kuti ulemere pa sikelo, uyenera kutheratu. Mtedza umasungika bwino uli m'makoko, choncho usendedwe pamene ukufunika.

Posunga. M'lokeshoni banja lonse limakhala m'chipinda chimodzi kapena ziwiri, ndipo thumba limagona pa simenti, kunsi kwa bedi, kapena kutsamira khoma lonyowa. Phunzitsani kusanja matumba pa matabwa kapena njerwa, kutali ndi khoma ndi podontha. Mtedza usasungidwe m'matumba a pulasitiki wamba amene amachita thukuta. Matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amapha anankafumbwe popanda mankhwala, koma amafuna mbewu youma kale.

Posankha. Poizoni wambiri amakhala m'njere zochepa: zovunda, zosintha mtundu, zoboola, zosweka ndi mphwephwa. Kusankha ndi manja pa lichero ndiyo njira yotsika mtengo ndi yamphamvu koposa. Koma funsani nthawi zonse kuti zotsalazo zikupita kuti. Kawirikawiri mtedza wabwino umapita ku msika, pamene woipa umagulidwa motchipa ndi opera chiponde kapena umasinjidwa kukhala nsinjiro za pakhomo. Chiponde chimabisa zonse, popeza njere imodzi yoipa imamwazika m'botolo lonse. Tikatero tatenga poizoni wa thumba lonse n'kumuunjika m'phala la mwana. Kafukufuku wa ku Benin ndi Togo wa mu 2002 anapeza kuti ana opinimbira anali ndi aflatoxin wambiri m'magazi kuposa anzawo. Njere zoipa zikwiriridwe kapena zitenthedwe. Zisafululidwe mowa, ndipo zisaperekedwe kwa nkhuku kapena ng'ombe za mkaka.

Pa chimanga. Kukonola ndi kuviika, monga pokonza ufa woyera, kumachotsa poizoni wambiri, koma ameneyo amatsalira m'madeya ndi m'madzi oviikiramo. Madziwo atayidwe, ndipo madeya a chimanga chovunda asadyedwe. Dziwaninso kuti m'chimanga cha ku Zimbabwe poizoni wopezeka kawirikawiri ndi fumonisin, wochokera ku nkhungu ya Fusarium. Kusankha, kuumitsa ndi kukonola kumachepetsa onse awiri.

Kwa opera chiponde ndi eni zigayo. Agule mtedza wathunthu, asankhe asanakazinge, asankhenso atachotsa khungu chifukwa njere zothimbirira zimaoneka bwino pamenepo, ndipo atsuke ndi kuumitsa makina tsiku lililonse. Magulu awo angathe kusonkherana ndalama zokayezetsa katundu wawo ku Standards Association of Zimbabwe kapena ku labotale ina yovomerezeka.

Pa kadyedwe. Banja lodya nsima ya chimanga ndi chiponde tsiku lililonse limalandira poizoni kuchokera mbali ziwiri. Mbatata, mawere, nyemba, nzama, maungu ndi masamba zimachepetsa kudalira mbewu ziwirizi.

KUGWIRA NTCHITO NDI AZAUMOYO

Mutu umodzi susenza denga. Pa msonkhano uliwonse wa chuku itanani namwino wa pa kiliniki ya khonsolo. Katemera wa Hepatitis B ali m'gulu la akatemera a ana ku Zimbabwe, ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo ku Malawi anayamba mu 2002. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti woyamba aperekedwe pasanathe maola 24 mwana atabadwa. Ku Taiwan, kumene anayamba kutemera makanda mu 1984, khansa ya m'chiwindi mwa ana inatsika kwambiri. Koma akuluakulu ambiri a lero anabadwa katemerayu asanafike. Alimbikitseni kukayezetsa magazi, makamaka amayi oyembekezera ndi mabanja amene wina anamwalira ndi matenda a chiwindi. Mankhwala a tenofovir, omwe alinso m'ma ARV ambiri, amagonetsa kachilomboka ndi kuchepetsa chiopsezo cha khansa. Amene ali pa chiopsezo chachikulu amalangizidwa kuunikidwa chiwindi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse.

Mlangizi sayeza matenda. Koma mukaona munthu ali ndi chikasu m'maso, mimba yotupa, kupweteka kunsi kwa nthiti za kumanja, kapena kuonda kosadziwika chifukwa, muuzeni apite ku kiliniki msanga, kumene angamutumize ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central Hospital. Musalole kuti banja litaye miyezi likuganizirana za ufiti.

Pofalitsa uthenga, dzerani kumene anthu amakumana kale: mipingo, kuphatikizapo ya CCAP Sinodi ya Harare, mizikiti, magulu othandizana pa maliro, magulu a amayi osunga ndalama, mizere ya pa chigayo ndi makomiti a m'misika. Lankhulani m'chilankhulo cha pakhomo pawo. Musaopseze anthu mpaka kusiya mtedza, ndipo musanyoze wogulitsa pamaso pa makasitomala ake, chifukwa nayenso akufuna chodyetsa ana. Musonyezeni kuti chiponde cha mtedza wosankhidwa chimakoma, sichiwawa, ndipo ogula amabweranso.

MAWU OTSIRIZA

Alangizi anzanga, taona kuti chilembo chimodzi cha DNA chikasintha, mlonda wa selo amagwa, ndipo amithenga osokonekera amatsiriza ntchitoyo m'zaka makumi awiri kapena atatu. Pa ulendo wonsewo, malo otsika mtengo oduliramo ndi oyambirira, poizoni asanafike pakamwa. Ndikupempha kuti aliyense wa ife, nyengo yokolola ya Epulo ndi Meyi isanafike, achite zinthu zitatu: ayendere opera chiponde ndi eni zigayo a m'dera lake, achite chionetsero chimodzi cha kusankha mtedza ndi kuyesa chinyezi ndi mchere, ndipo agwirizane ndi kiliniki ya pafupi za tsiku loyeza Hepatitis B. Zotsatira zake sitidzaziona chaka chino pa lipoti la zokolola. Adzazione ndi ana amene lero akudya phala la chiponde, akadzafika zaka 45 ali ndi chiwindi chabwino.